Kambuzi kakamapukusa mutu ndi kudzikanda: matenda a m'khutu ndi tizilombo ta pakhungu

Kambuzi kamene kakupukusa mutu pafupipafupi, kukanda khutu ndi mwendo wakumbuyo, ndiponso kudzikhula pa mitengo ya khola kakhoza kukhala kuti kagwidwa ndi tizilombo ta mphere, nsabwe, utitiri, nkhupakupa, mphutsi kapena mabakiteriya amene alowa mkati mwa khutu. Ukamaonera patali zonsezi zimafanana, koma chilichonse chili ndi malo ake. China chimakhala m'ngalande ya khutu, china chimaboola khungu n'kuikira mazira m'kati mwake, china chimangoyenda pa ubweya osayamwa magazi, ndipo china chimaswana pansi m'khola n'kumangokwera pa chiweto kukadya. Mankhwala amapha kachilombo kokhako kamene akafikira. N'chifukwa chake jakisoni amene wachiza kambuzi kamodzi amalephereratu pa kanzake ka m'khola lomwelo, mwini ziweto n'kumati mankhwalawo ndi achinyengo pamene vuto linali kusadziwa mdani.

Ana a mbuzi amavutika kuposa makolo awo. Magazi a mbuzi ndi pafupifupi mamililita 70 pa kilogalamu iliyonse, kotero kambuzi ka makilogalamu 4 kali ndi magazi osakwana mamililita 300. Utitiri waukazi pafupifupi 70 umayamwa mililita imodzi patsiku. Kambuzi kamene kali ndi utitiri waukazi 700, zimene zimachitika ndithu m'khola lokhalitsa osasesa, kamataya mamililita 10 tsiku lililonse ndipo pakatha sabata ziwiri kamakhala kataya pafupifupi theka la magazi ake. Kuwonjezera apo, khungu lake ndi lopyapyala, chiwindi chake sichinakhwime, ndipo kakanyowa kamazizidwa msanga. Mankhwala amene mbuzi yaikulu imapirira bwinobwino akhoza kupha mwana wake.

Yambani ndi kuona

Kambuzi kaunikidwe poyera, masana, wina atakagwira pamiyendo. Choyamba ndi sikelo, chifukwa muyeso wa mankhwala onse udalira kulemera. Kaikeni m'thumba n'kupachika pa sikelo, kapena dzipimeni nokha mutakanyamula kenako muchotsere kulemera kwanu. Kuyerekeza ndi maso kumanamiza: kambuzi ka ubweya wonyankhalala kamaoneka konenepa pamene m'kati muli mafupa okhaokha. Kenako yezani kutentha kwa thupi kumatako. Mbuzi yabwinobwino imakhala pakati pa madigiri 38.5 ndi 40. Kupitirira pamenepo ndiye kuti pali matenda ena oposa kuyabwa, ndipo kutsika pansi pa 38 kukutanthauza kuti kafooka, kasasambitsidwe tsiku limenelo. Tsitsani chikope cham'munsi muone mtundu wa m'kati mwake. Kufiira ndi bwino, kuyezuka ndi chenjezo, kuyera ngati pepala ndi ngozi.

Mukatero pitani ku khutu. Linunkhizeni kaye, popeza fungo lowola limasonyeza mafinya kapena mphutsi. Likokereni m'mwamba pang'ono n'kuunika ndi tochi. Tengani phula la m'khutu pang'ono ndi thonje, mulipake pa nsalu kapena pepala lakuda n'kuliika padzuwa kwa mphindi zochepa. Tizilombo ta mphere ya m'khutu, totchedwa Psoroptes, timatalika kupitirira pang'ono theka la milimita, ndipo tikamva kutentha timayamba kuyenda, timaoneka ngati timadontho toyera. Galasi lokulitsa zinthu limathandiza. Pomaliza patulani ubweya m'khosi, pamsana, m'khwapa, pamimba, m'mphechepeche ndi kuseri kwa ziboda, mukuyang'ana pa khungu penipeni.

Za m'khutu

Khutu la mbuzi lili ndi ngalande imene imatsika kenako n'kukhota chopingasa kukafika pa mwinikhutu, kachikopa kopyapyala kotchinga khutu la m'kati. Kukhotako ndi kumene kumachititsa kuti zonyansa zizikhazikika pansi, komanso kuti kamtengo kokulunga thonje kakhale koipa: sikatulutsa phula, kamalikankhira pokhota paja n'kulitsendereza, ndipo kambuzi kakadzidzimuka kamtengoko kamaboola mwinikhutu.

Tizilombo timene timapezeka kwambiri m'makutu a mbuzi ndi Psoroptes cuniculi, ndipo palinso Raillietia caprae timene timakhala pansi kwambiri pafupi ndi mwinikhutu. Mbuzi zambiri zazikulu zimakhala nato osaonetsa chilichonse, n'kupatsira ana pamene akuyamwa ndi kugona pamodzi. Psoroptes saboola khungu. Amalikanda pamwamba n'kumadya madzi otuluka pamenepo, ndipo thupi limayankha ndi kutupa, phula lambiri lofiirira ndi nkhanambo zosanjikizana. Nthawi zina ngalande yonse imatsekeka ndi chiphuphu cholimba ngati chotsekera botolo. Kambuzi kakakhala kofooka, nkhanambozi zimatuluka m'khutu n'kufalikira pamutu, m'khosi ndi pamsana.

Kutsuka kumayamba ndi kufewetsa. Donthezani madontho 5 mpaka 10 a mafuta oyera a mankhwala otchedwa liquid paraffin, ofunditsidwa m'manja, kenako tikitani tsinde la khutu kwa theka la mphindi mpaka mumve kuphwatika. Apa mpofunika kusamala ndi dzinali: mafuta amenewa si parafini wa nyale. Wa nyale amawotcha khungu la m'khutu ndipo akalowa m'mapapo amapha. Dikirani mphindi 10, mulole kambuzi kapukuse mutu, ndiye mupukute zimene zatuluka ndi thonje lokulunga ku chala, kufika pokhapo pamene chala chafika. Nkhanambo yolimba isamatulidwe mokakamiza chifukwa pansi pake pali chilonda chaiwisi. Ifewetseni masiku awiri kapena atatu, idzachoka yokha. Mafutawa amatsamwitsanso tizilombo tina, koma paokha sakwanira pamene tachuluka. Mankhwala odalirika ndi jakisoni wa ivermectin wobwerezedwa pakatha masiku 10 mpaka 14. Kubwerezako kuli ndi chifukwa: mankhwala sapha mazira, ndipo kuchoka pa dzira kufika pa kachilombo koikira mazira kamatenga pafupifupi sabata ziwiri. Jakisoni wachiwiri amapeza timene taswa titakula koma tisanachulukanenso.

Ngati m'khutu muli mafinya, tsukani ndi madzi amchere ofunda, magalamu 9 a mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuzizitsa, pogwiritsa ntchito sirinji yopanda singano ndipo mofatsa. Kambuzi kakamameza kapena kutsokomola pamene mukutsuka, kapena madzi akamatulukira m'mphuno, mwinikhutu wabooka. Pamenepo lekani mafuta, ndipo musadonthezemo chlorhexidine kapena mankhwala a m'khutu okhala ndi gentamicin kapena neomycin, chifukwa akafika m'khutu la m'kati amagonthetsa ndi kuwononga mphamvu yoima bwino. Madzi amchere okha ndi amene ali otetezeka mpaka dokotala wa ziweto aone.

Nkhupakupa za m'khutu zili mitundu ingapo ndipo sizikhala pamodzimodzi. Rhipicephalus appendiculatus yaikulu imaunjikana m'kati mwa tsamba la khutu ndi m'mphepete mwake, pamene imaoneka mosavuta. Ana a Rhipicephalus evertsi amalowa pansi m'ngalande, pamene zazikulu zake zimakhala kunsi kwa mchira. Otobius megnini ndi yovuta kwambiri: ana ake okhala ndi timinga amakhazikika pansi m'ngalande kwa milungu kapena miyezi, pamene zazikulu sizidya n'komwe, zimabisala m'ming'alu ya khola n'kumaikira mazira. Kusambitsa thupi lonse sikuzifikira. Zooneka zichotsedwe ndi kachitsulo kopanira, mutagwira pafupi ndi khungu n'kukoka pang'onopang'ono osapotokola kapena kufinya mimba yake. Za pansi zimafuna madontho a mankhwala opangidwira m'khutu, kapena mafuta opaka a nkhupakupa opakidwa mopyapyala m'kati mwa tsamba la khutu. Mankhwala a dibi osasungunula asathiridwe m'khutu ngakhale dontho.

Pamene nkhupakupa yaluma, kapena pamene chizindikiro cha pakhutu chabooledwa ndi chida chakuda, ntchentche zimabwera. Mazira a ntchentche zodya mnofu wamoyo, monga Chrysomya bezziana ndi Cochliomyia hominivorax, amaswa pasanathe tsiku limodzi, ndipo mphutsi zake zimakumba chozondoka kwa masiku 5 mpaka 7. Khutu la kambuzi likhoza kudyeka lonse m'sabata imodzi. Chilonda chake chimakhala ndi kakamwa kakang'ono koma mphanga yaikulu m'kati, chikuchucha madzi amagazi onunkha. Metani ubweya mozungulira, tsukani ndi madzi amchere, tolani mphutsi imodziimodzi ndi kachitsulo, ndipo muziphe m'madzi otentha. Zikagwera pansi zimalowa m'dothi n'kudzatuluka ntchentche. Pakani mankhwala a pachilonda opha mphutsi, ndipo muonenso mawa lake, chifukwa nthawi zonse pamatsala zina zimene zinabisala. Chilonda chakuya choterechi chimatsegulanso njira ya kafumbata kwa kambuzi kamene make sanalandire katemera.

Khutu lotupa ngati kathumba kofewa, losatentha kwambiri, kawirikawiri limakhala ndi magazi amene atuluka pamene timitsempha taduka chifukwa cha kupukusa mutu. Kuliboola ndi singano kumangolowetsa mabakiteriya, ndipo mawa lake ladzazanso. Likasiyidwa limaphwa lokha m'milungu ingapo n'kutsala lokwinyika, zomwe sizipha. Chofunika ndi kuchiza chimene chikuyabwitsa.

Vuto lalikulu ndi pamene matenda adutsa mwinikhutu, kapena akwera kuchokera kukhosi kudzera m'kanjira kolumikiza khosi ndi khutu, zimene zimachitika kwa timbuzi tomwe tadwala chibayo cha Mycoplasma, Pasteurella kapena Mannheimia. Kambuzi kamapendeketsa mutu mbali imodzi, khutu la mbali yomweyo limagwa, chikope sichiphethira, mlomo umalendewera, ndipo nthawi zina kamayenda mozungulira kapena kugwera mbali yodwalayo. Madontho a m'khutu safika kumeneko. Pamafunika jakisoni wa mankhwala opha mabakiteriya kwa nthawi yaitali, kawirikawiri sabata ziwiri kapena kuposa, chifukwa mafinya ali m'kati mwa fupa. Amene amabaya masiku atatu n'kusiya poona kusintha amabwezeretsa matendawo ali olimba. Oxytetracycline wokhalitsa wa 20 peresenti amaperekedwa pa mamiligalamu 20 pa kilogalamu, kutanthauza mililita imodzi pa makilogalamu 10, koma kusankha pakati pa iyeyu, penicillin ndi florfenicol, ndiponso kutalika kwa chithandizo, ndi ntchito ya dokotala. Tilmicosin, amene amagwiritsidwa ntchito pa chibayo cha ng'ombe, amapha mbuzi ndipo ndi woopsa kwa munthu amene wadzibaya mwangozi. Diso losaphethira lidonthezedwe mankhwala onyowetsa, apo ayi limauma n'kuchita chilonda.

Sikuti mutu uliwonse wopendekeka ndi wa khutu. Kambuzi kamene kachita khungu mwadzidzidzi n'kumayang'ana kumwamba kakhoza kukhala kakusowa thiamine, amene ndi vitamini B1, ndipo kamafuna jakisoni wake m'maola ochepa. Kotentha thupi kupitirira madigiri 41, koyenda monyamula miyendo kwambiri, kotafuna popanda chakudya ndi kupalasa miyendo kali gone, makamaka pamene pali nkhupakupa zamawanga za Amblyomma, kaganiziridwe matenda a heartwater, amene nkhupakupazi zimafalitsa. Bakiteriya wa Listeria, wochokera m'chakudya chovunda, nayenso amazunguliritsa ndi kufooketsa nkhope. Zonsezi sizidikira mawa.

Za pakhungu

Nsabwe za mbuzi zili pawiri, ndipo kusiyana kwake ndi kumene kumasankha mankhwala. Zoyamwa magazi, za mtundu wa Linognathus, ndi zodera mobiriwira, za mutu wosongoka, ndipo zimakhala zitakanirira pa khungu osayenda kwambiri. Zimenezi ndi zimene zimachepetsa magazi, ndipo jakisoni wa ivermectin amazipha chifukwa zimamwa mankhwalawo m'magazi. Zoluma, za mtundu wa Bovicola, ndi zofiirira, za mutu wotambalala, zoyenda msanga, ndipo zimadya mfundu za khungu ndi ubweya. Jakisoni sazigwira mokwanira chifukwa sizilawa magazi, zimafuna mankhwala a pakhungu. Mazira a mitundu yonse iwiri amamatidwa pa ubweya ndipo amaswa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, motero chithandizo chibwerezedwe pa tsiku la 14. Nsabwe sizikhala masiku ambiri zikachoka pa mbuzi, ndiye nkhondo yake ili pa ziweto zenizenizo, zonse, tsiku limodzi. Kusiya tonde mmodzi chifukwa ndi wovuta kugwira n'kokwanira kubweretsa nsabwe m'khola lonse mwezi wotsatira.

Utitiri ndi wosiyana kotheratu. Umene umavutitsa ana a mbuzi kwambiri ndi Ctenocephalides felis, womwe uja wa amphaka ndi agalu. Umene mukuuona pa kambuzi ndi gawo laling'ono, pafupifupi 5 pa 100 alionse. Wotsalawo ndi mazira, timphutsi ndi zikwa zomwe zili m'fumbi, m'ndowe zouma ndi m'zogonera. Waukazi umaikira mazira ofika 40 kapena 50 patsiku, amene amagwera pansi, ndipo zikwa zimatha kudikira miyezi mpaka zitamva kugwedezeka ndi kutentha kwa chiweto. Ndiye mukasambitsa kambuzi n'kukabwezera pogona pomwepo, m'mawa mwake kadzazanso. Zogonera zonse zituluke n'kutenthedwa, ndowe zipalidwe mpaka pa dothi lolimba, pansi ndi m'ming'alu mupoperedwe mankhwala, ndipo izi zibwerezedwe pakatha sabata ziwiri. Agalu, amphaka ndi nkhuku zogona pafupi ndi khola zilandirenso chithandizo chawo, aliyense ndi mankhwala oyenera iye, popeza permethrin ndi amitraz zimapha amphaka. Pali utitiri wina, Echidnophaga gallinacea, umene suyendayenda pa thupi koma umakanirira m'magulu m'mphepete mwa makutu ndi mozungulira maso. Kuupaka mafuta olimba opanda mankhwala kumautsamwitsa.

Kwa kambuzi kosakwana mwezi umodzi, kapena koyera chikope, njira yotetezeka ndi madzi ofunda, sopo wofatsa ndi chipeso cha mano othinana. Yambani ndi kuzunguliza thovu m'khosi kuti utitiri usathawire kumutu, sambitsani thupi, siyani thovulo mphindi 5, tsukuluzani, ndipo mupukute mpaka kaume kenako kayamwe. Sopo alibe mphamvu yotsalira, ndiye ntchito yaikulu ikhale pa make ndi pa khola.

Mphere yoopsa kwambiri ndi ya Sarcoptes scabiei. Kachilombo kakakazi kamakumba tinjira m'kati mwa khungu n'kuikiramo mazira, amene amaswa m'masiku 3 mpaka 5. Imayambira pankhope, mozungulira maso, pamakutu ndi pamphuno, kenako khosi, m'khwapa ndi thupi lonse. Kuyabwa kwake n'koopsa moti kambuzi kamasiya kuyamwa n'kumangodzikanda, khungu limakhuthala, kukwinyika ndi kung'aluka. Tizilomboti sitioneka ndi maso. Dokotala amapala m'mphepete mwa nkhanambo ndi lumo mpaka timagazi titayamba kuoneka, n'kuunika pa maikulosikopu, ndipo ngakhale atatero nthawi zina sapeza kanthu pamene matenda alipo. Ivermectin amagwira bwino, kawiri kapena katatu motalikirana masiku 10 mpaka 14, koma nkhanambo zokhuthala zifewetsedwe ndi madzi a sopo n'kuchotsedwa, chifukwa tizilombo tokhala m'kati mwa nkhanambo zakufa tili kutali ndi magazi. Kuyabwa kumapitirira sabata imodzi kapena ziwiri tizilombo titafa kale, ndiye musafulumire kuwonjezera muyeso. Mphereyi imagwiranso anthu kwa kanthawi, choncho valani magolovesi.

Chorioptes, mtundu wina wa tizilombo ta mphere, amakonda miyendo, kuseri kwa ziboda, ndi kunsi kwa mchira. Amakhala pamwamba pa khungu ngati nsabwe zoluma, ndipo pa chifukwa chomwecho jakisoni yekha amangomuchepetsa. Amafuna kumeta ubweya ndi kusambitsa miyendo ndi mankhwala, monga lime sulphur wa 2 peresenti sabata iliyonse kanayi kapena kasanu ndi kamodzi. Mankhwala amenewa amanunkha ngati dzira lovunda ndipo amachititsa ubweya chikasu, koma ndi amodzi mwa ofatsa kwa ana. Mwa tizilombo ta mphere, Demodex caprae yekha ndi wosayabwa. Amapanga timatuza tolimba m'khosi ndi m'mapewa, timene tikafinyidwa timatulutsa zoyera zolimba. Ana amamutenga kwa make m'masiku oyambirira, amavuta kuchiza, ndipo chimene amawononga kwambiri ndi chikopa.

Pali zina zimene zimanamizira mphere. Zipere zimapanga mabala ozungulira otuwa osayabwa kwenikweni, ndipo zimafuna ayodini kapena mankhwala a mafangasi. Nkhanambo za pamilomo ndi pamphuno kawirikawiri ndi orf, matenda a vairasi amene amapola okha m'milungu ingapo koma amagwira manja a munthu. Dermatophilus amabwera khungu likanyowa nthawi yaitali, ndipo ubweya umazuka m'timagulu tomatana ngati burashi yopentera, nthawi zambiri pamakutu ndi pamsana. Ameneyu ndi bakiteriya, ivermectin samukhudza. Kusowa kwa zinki m'thupi nakonso kumakhuthalitsa khungu ndi kuthothola ubweya.

Muyeso

Ivermectin wobaya wa 1 peresenti ali ndi mamiligalamu 10 mu mililita imodzi. Muyeso wolembedwa pa botolo ndi mamiligalamu 0.2 pa kilogalamu, kapena kuti mililita imodzi pa makilogalamu 50. Kambuzi ka makilogalamu 5 kamafuna mamililita 0.1 okha. Mbuzi zimachotsa mankhwalawa m'thupi msanga kuposa ng'ombe ndi nkhosa, motero madokotala ambiri amakweza kufika mamiligalamu 0.3 kapena 0.4 pa mphere, zomwe kwa kambuzi komweko ndi mamililita 0.15 kapena 0.2. Miyeso yotere singayezedwe ndi sirinji ya mamililita 10, imene kamzere kake kamodzi n'kokwana kale muyeso wonse kapena kuwirikiza. Pamafunika sirinji ya mililita imodzi. Bayani kunsi kwa khungu, osati mu mnofu: tsinani khungu lomasuka kuseri kwa phewa, lowetsani singano yaifupi mogonekera, kokani pang'ono kuona kuti simunalowe mu mtsempha. Mankhwalawa amaluma, ndipo kambuzi kakhoza kulira ndi kudzigwetsa kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako n'kudzuka. Kwa ana osakwana mwezi, chotchinga chimene chimateteza ubongo ku mankhwala sichinakhwime, ndipo kupyola muyeso kumabweretsa kudzandira, kusaona ndi kukomoka. Palibe mankhwala obwezera.

Ivermectin asasanduke yankho la kuyabwa kulikonse. Jakisoni aliyense amafikanso kwa njoka za m'mimba pa mphamvu yochepa yokhalitsa, ndipo umo ndi mmene njoka monga Haemonchus zimaphunzirira kusamva mankhwala. Kubaya khola lonse chifukwa cha nsabwe zoluma, zimene sizifa n'komwe ndi jakisoniyo, ndi kuluza pawiri.

Amitraz wa 12.5 peresenti kawirikawiri amasungunulidwa mamililita 2 mu lita imodzi ya madzi pa nkhupakupa, ndipo mabotolo ena amalemba muyeso wokwererapo pa mphere. Tsatani za pa botolo lanulo, kuphatikizapo msinkhu wocheperapo umene alemba. Kwa kambuzi, kupaka ndi nsalu kapena siponji n'kwabwino kuposa kuviika, kuti kasamwe kapena kupuma madziwo. Chitani m'mawa wa tsiku lotentha, kambuzi katamwa kale, ndipo osakaniza agwiritsidwe ntchito tsiku lomwelo chifukwa amatha mphamvu akakhala m'madzi. Mukasambitsa make, mwana asayamwe mpaka bere litauma, ndipo ndi bwino kulipukuta ndi madzi oyera. Amitraz akachuluka kambuzi kamawodzera, kuzizira thupi, mtima kugunda pang'onopang'ono ndi kutupa mimba. Othira pamsana, monga flumethrin wa 1 peresenti, amaperekedwa mililita imodzi pa makilogalamu 10, ndiye kambuzi ka makilogalamu 5 ndi theka la mililita, loyezedwa ndi sirinji n'kuthiridwa pa khungu mutapatula ubweya. Gulu la diazinon ndi chlorfenvinphos ndi limene limapha ana ambiri: dovu, misozi, kutsekula m'mimba, kunjenjemera ndi mboni za maso zochepa ngati nsonga ya singano. Zikatero sambitsani msanga ndi sopo ndi madzi ambiri, ndipo dokotala abaye atropine. Oyilo wakale wa galimoto, dizilo ndi mankhwala opopera mbewu amaphadi tizilombo, koma amapsereza khungu, amalowa m'magazi, ndipo make amawanyambita. Kusakaniza mankhwala awiri a pakhungu tsiku limodzi kuti agwire mwamphamvu kumawirikiza poizoni. Madzi otsala asatayidwe kufupi ndi mtsinje kapena dziwe, chifukwa mankhwala a gulu la permethrin ndi flumethrin amapha nsomba pa muyeso wochepa kwambiri.

Mankhwala ambiri mwa amenewa sanalembetsedwe pa mbuzi m'maiko ambiri, ndiye masiku odikira musanadye nyama kapena kumwa mkaka amakhala otalikirapo kuposa a ng'ombe. Pa ivermectin wobaya, ngakhale ng'ombe imadikira milungu ingapo, ndipo saperekedwa kwa mbuzi imene mkaka wake anthu akumwa. Kwa yokamidwa, eprinomectin wothira pamsana ndi amene amagwiritsidwa ntchito, pa miligalamu imodzi pa kilogalamu, kuwirikiza kawiri muyeso wa ng'ombe.

Chithandizo chikalephera, kawirikawiri chifukwa chake chimapezeka m'malo ochepa. Mwina chithandizo chachiwiri chinaiwalika kapena chinachedwa mpaka mazira atsopano ataikidwa. Mwina make, amene makutu ake akuoneka oyera, sanachizidwe. Psoroptes amatha kukhala moyo sabata ziwiri kapena kupitirira pang'ono pa mitengo, zingwe ndi zogonera, kotero khola lisiyidwe lopanda mbuzi milungu itatu, kapena litsukidwe ndi kupoperedwa pa masiku omwewo amene ziweto zikulandira mankhwala. Mbuzi yobwera kumene ikhale payokha milungu itatu kapena inayi, makutu ndi ubweya wake ziunikidwe isanasakanikirane ndi zina. Ndipo kambuzi kamodzi kakamadzaza nsabwe pamene anzake ali bwino, funsani chimene chakafooketsa: mkaka wosakwana, njoka za m'mimba, kapena tizilombo ta m'matumbo ta coccidia timene timatsekula m'mimba ana a milungu itatu kupita m'tsogolo. Magazi otayika amabwerera pang'onopang'ono, m'milungu itatu kapena kuposa, ndipo pa nthawi yonseyo kambuzi kayamwe mokwanira, kagone pofunda ndi pouma, ndipo kasathamangitsidwe. Kamene chikope chake chayereratu, kakupuma mofulumira ndipo sikangathe kuimirira, kamafunika kuikidwa magazi kaye, mankhwala opha tizilombo abwere pambuyo katalimba.